Mwambo Wobadwira m'Maliro: Mbiri ya Kuchepetsa Cortisone Pang'onopang'ono

Pa 21 September 1948, m'chipatala cha St Mary's mumzinda wa Rochester, m'chigawo cha Minnesota ku America, mayi wina wa zaka 29 anabayidwa jakisoni wa mankhwala omwe anali asanalandire n'komwe dzina lenileni. Ankangowatcha Compound E, ndipo pambuyo pake anatchedwa cortisone. Nyamakazi inali itamuzunza mayiyu kwa zaka zingapo, mfundo zitatupa ndi kuuma moti ngakhale kutembenuka pabedi inali ntchito. Pofika tsiku lachitatu ululu unali utachepa kwambiri, ndipo patapita masiku owerengeka anatuluka m'chipatala kukagula zinthu m'masitolo a mumzindamo. Ambiri akamasimba mbiri ya cortisone amalekezera pomwepa, kapena amapitirira pang'ono mpaka 1950 pamene Philip Hench, Edward Kendall ndi Tadeus Reichstein analandira mphoto ya Nobel. Ine ndikuona kuti gawo lofunika kwa munthu womwa mankhwalawa lero ndi lomwe linadza pambuyo pake, pamene madokotala anayamba kufunsa kuti, munthu tamukweza pamankhwala, nanga timutsitsa bwanji? Mwambo wochepetsa mlingo pang'onopang'ono sunabwere pamodzi ndi botolo loyamba lija. Unaphunziridwa movutikira, anthu ena atatayapo miyoyo. Ndipo mtima wa mwambowu suli pa ndandanda ya masiku ndi mapiritsi yomwe dokotala amalemba papepala ayi. Uli pa kudziwiratu chizindikiro chomwe matenda a munthuyo amabwerera nacho, ndi kumuuza mwini thupi kuti azichidikira.

Hench anali dokotala wa nyamakazi ku Mayo Clinic, mumzinda womwewo wa Rochester. M'chaka cha 1929 anaona wodwala wina nyamakazi ikumuleka atangodwala chikasu, ndipo m'zaka zotsatira anaona zofananazo mwa amayi oyembekezera: mimba ikakhalapo mfundo zimamasuka, mwana akabadwa matenda nawo abweranso. Anakhulupirira kuti thupi lili ndi chinthu chake chomwe chimatha kuziziritsa kutupa. Pa chipatala chomwecho Kendall ankasanthula tiziwalo tiwiri tokhala pamwamba pa impso, totchedwa adrenal, ndipo anapatulamo mahomoni angapo n'kuwatcha mayina a zilembo. Kupanga Compound E wokwanira kubaya munthu kunali kovuta kwabasi. Lewis Sarett wa kampani ya Merck ndiye anapeza njira yomupangira kuchokera ku ndulu ya ng'ombe, podutsa m'masitepe oposa 30. Kusowa kwa mankhwalaku n'kumene kunaulula msanga choona chowawa. Madokotala a ku Mayo ankasinthanitsa jakisoni weniweni ndi wa cholesterol wopanda mphamvu, odwala osadziwa, pofuna kutsimikiza kuti kuchira komwe ankaonako sikunali kwa m'maganizo chabe. Mankhwala akangolekedwa, mwa odwala ambiri kutupa ndi kuuma kwa mfundo kunkabwerera. Choncho kuyambira pa chiyambi penipeni zinadziwika kuti cortisone sazimitsa matenda. Amachita ngati phulusa lomwe mayi amakwirira nalo makala madzulo: utsi umaleka, koma ukafukula m'mawa moto ulipo.

Izi sizinaletse dziko kuthamangira mankhwalawa. Wojambula zithunzi wa ku France, Raoul Dufy, yemwe manja ake anali atapunduka ndi nyamakazi, anawoloka nyanja mu 1950 kukalandira cortisone ku Boston, ndipo anayambanso kugwira bwino burashi. Mtengo unatsika mofulumira pamene akatswiri anapeza njira zina zopangira mankhwalawa: kuchokera ku chilazi cha kutchire cha ku Mexico, ku soya, komanso, mu 1952, pogwiritsa ntchito chuku ku kampani ya Upjohn. Mu 1955 kunabwera prednisone ndi prednisolone, omwe piritsi lawo la mamiligalamu 5 limafanana mphamvu ndi mamiligalamu 25 a cortisone. Koma walira mvula walira matope. Odwala omwe anamwa kwa miyezi anayamba kufufuma nkhope, kunenepa pamimba miyendo ikuonda, shuga ndi kuthamanga kwa magazi zikukwera, mafupa akufooka, ena tulo tikuwathawa, ena kusokonezeka mutu kumene. Mayi woyamba uja nayenso anakumana ndi zosintha za thupi ndi za maganizo. Dokotala woona zimenezi ankachita chomwe nzeru wamba inkamuuza: mankhwala akuononga munthu, ndiye aleke.

Apa m'pamene maliro anayambira. Mu 1952, Fraser, Preuss ndi Bigford analemba za bambo wa zaka 34 wodwala nyamakazi yemwe anamwa cortisone kwa miyezi 8, n'kumusiyitsa atatsala pang'ono kuchitidwa opaleshoni. Opaleshoni itatha, kuthamanga kwa magazi kunatsika osakweranso, ndipo anamwalira. Atamuyeza anapeza tiziwalo ta adrenal tija titafota. Chaka chotsatira kunamvekanso imfa yofanana nayo ya mtsikana wa zaka 20. Chomvetsa chisoni n'chakuti chenjezo linalipo kale m'mabuku. Mu 1937 Dwight Ingle ndi Kendall yemweyo anali ataonetsa kuti makoswe opatsidwa mahomoni ochuluka a adrenal, tiziwalo tawo timafota. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Kachiwalo ka pansi pa ubongo kotchedwa pituitary ndi kamene kamalamula adrenal kutulutsa cortisol, homoni yomwe imasunga kuthamanga kwa magazi ndi shuga, makamaka thupi likakhala pa mavuto monga kuvulala, malungo kapena opaleshoni. Kachiwaloka kakaona kuti m'magazi muli kale zambiri zochokera ku mapiritsi, kamaleka kulamula, ndipo adrenal wosatumidwa amagona mpaka kufota. Mapiritsi akachotsedwa mwadzidzidzi, thupi limatsala lopanda za kunja ndi za mkati zomwe. Zizindikiro zake Thomas Addison wa ku Guy's Hospital ku London anali atazifotokoza kalekale mu 1855, mwa anthu omwe adrenal wawo anaonongeka, ambiri ndi chifuwa chachikulu: kufooka kosaneneka, nseru, kusanza, mtima kugunda mofooka. Tsopano madokotala eni ake ndiwo ankayambitsa matendawa ndi cholembera chawo. Mu 1965 Graber, Liddle ndi anzawo ku Vanderbilt anatsatira odwala mwezi ndi mwezi n'kupeza kuti pituitary ndiye amayamba kudzuka, adrenal n'kutsatira mochedwa, ndipo ulendo wonse ukhoza kutenga miyezi 9 kapena kupitirira.

Munthu angaganize kuti nkhani inathera pamenepo: tsitsa pang'onopang'ono, basi. Koma kutsitsako kunabala chinthunzi china chovuta kwambiri, ndipo amene anachiona msanga ndi Charles Slocumb, mnzake wa Hench, mu 1953. Iye anaona kuti odwala ena akamachepetsedwa mlingo ankadandaula kuti thupi lonse likuphwanya, minofu ikuwawa, akutopa, akukwiya msanga kapena kulira popanda chifukwa, koma akawagwira mfundo sankapeza kutupa kwatsopano. Izi zinadzatchedwa nyamakazi yabodza. Wodwala ankalumbira kuti matenda abwerera, dokotala wachifundo ankakweza mlingo, wodwala ankapeza bwino kwa kanthawi, ndipo akayesanso kutsitsa ululu unkabweranso. Motero munthu ankakhala pa mankhwala kwa zaka, akulipira ndi mafupa ake, chifukwa cha matenda omwe mwina anali chigonere. Mu 1960 Amatruda ndi anzake anaonetsa kuti kuphwanya kotereku kumatha kuchitika ngakhale mwa munthu yemwe adrenal wake akugwira ntchito mokwanira. Thupi linazolowera zambiri, ndipo likulira chabe chifukwa zachepa.

Tiyeni tione chinthunzichi pafupi. Munthu wodwala nyamakazi watsika kuchoka pa mapiritsi awiri a prednisolone patsiku kufika pa limodzi ndi theka, ndipo patapita masiku akumva kuwawa. Ngati ndi matenda ake enieni, kawirikawiri amabwerera ndi nkhope yomwe anabwera nayo poyamba: mfundo zomwezo za zala ndi za pamkono zimatupa n'kutentha, mphete imakana kuvuka, m'mawa manja amakhala ouma kwa ola kapena kupitirira asanamasuke, ndipo tsiku lililonse zinthu zimanka ziipa. Ngati ndi kulira kwa thupi kuja, ululu umakhala wobalalika, wopanda malo, umayamba masiku oyambirira mlingo utangotsika, ndipo nthawi zambiri umazilala wokha munthu akakhala pa mlingo womwewo kwa kanthawi. Ngati ndi adrenal amene sanadzuke, chomwe chimalamulira ndi kufooka, chizungulire poimirira, kusafuna chakudya, nseru, kusanza ndi kupweteka m'mimba, ndipo izi zimaopsa makamaka mlingo ukafika cha pa mamiligalamu 4 mpaka 6 patsiku, omwe ndi ofanana ndi zomwe thupi limapanga lokha. Palinso chachinayi chomwe sichiyenera kuiwalika: mankhwalawa amafooketsa chitetezo cha thupi ndipo amatha kubisa kutentha kwa thupi, kotero kuwawa ndi kutopa kukhoza kukhala chibayo kapena chifuwa chachikulu chomwe chalowa mwakachetechete. Chomwe chimachititsa nkhaniyi kukhala ya moyo ndi imfa n'chakuti mayankho ake ndi otsutsana. Choyamba chimafuna kubwerera pa mlingo wapitawo kapena kuonjezera mankhwala ena. Chachiwiri chimafuna kudekha. Chachitatu chimafuna mankhwala a hydrocortisone olowa m'malo mwa cortisol msangamsanga, mwina wa jakisoni. Chachinayi, munthu akangochikwezera mlingo osayeza, wathira mafuta pa matendawo.

Madokotala sanatuluke m'chinthunzichi popeza ndandanda imodzi yokwanira aliyense. Mpaka lero ndandanda zimasiyana malinga ndi matenda ndi munthu. Anatulukamo pophunzira kulemberatu, matenda ndi matenda, kuti kubwerera kwake kumaoneka bwanji. Mu 1955 Sidney Truelove ndi Leslie Witts a ku Oxford, poyesa cortisone pa matenda a zilonda za m'matumbo aakulu, anaika muyeso womwe ukugwirabe ntchito: kupita kuchimbudzi kasanu ndi kamodzi kapena kuposerapo patsiku muli magazi, pamodzi ndi kutentha thupi, mtima kuthamanga kapena kuchepa kwa magazi. Gawo lalikulu la muyesowu wodwala akhoza kuliwerenga yekha. Pa matenda a impso a ana, aja omwe mwana amadzuka maso atatupa chifukwa mapuloteni akutayikira mu mkodzo, madokotala a mayiko angapo anagwirizana kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 kuti azifotokoza kubwerera kwa matenda ndi mawu amodzi. Zotsatira zake n'zakuti makolo anapatsidwa timapepala toviika mu mkodzo wa m'mawa. Kapepala kakasintha mtundu kwambiri masiku atatu otsatizana, matenda abwerera, ngakhale mwana akusewera bwinobwino ndipo kutupa kusanaoneke. Mwana amene matenda amubwerera kawiri motsatizana pamene akuchepetsedwa mlingo, kapena masiku 14 asanathe chilekereni, amadziwika kuti akufunika mankhwala ena oti alowe m'malo. Pa matenda otupa mitsempha ya magazi ya m'mbali mwa mutu, omwe Bayard Horton wa ku Mayo anawafotokoza mu 1932 ndipo amagwira anthu opitirira zaka 50, zizindikiro ndi mutu watsopano, khungu la m'mutu lowawa popesa, nsagwada zotopa potafuna, ndi maso kuona zinthu ziwiriziwiri kapena kuchita mdima kwa kanthawi. Apa palibe kudikira mawa, chifukwa diso likafa silibwereranso. Pa khate, matenda omwe bungwe la LEPRA linalimbana nawo kwa zaka zambiri ku Malawi, prednisolone amaperekedwa mitsempha ikatupa, ndipo ndandanda yomwe bungwe la WHO linafalitsa inkayambira pa mamiligalamu 40 n'kumatsika masabata awiri aliwonse kwa masabata 12. Koma ogwira ntchito za khate anaphunzitsidwa kukhudza chikhatho ndi phazi ndi nsonga ya cholembera, kuyesa mphamvu ya chala chaching'ono ndi kuona ngati chikope chikutsekeka bwino, chifukwa mtsempha ukhoza kumafa munthu osamva ululu. Kafukufuku wa ku India anadzaonetsa kuti masabata 12 ndi ochepa kwa odwala ambiri. Ndandanda inagonja, koma kuyeza kuja kunakhalabe.

Wina anganene kuti zonsezi ndi za makedzana, poti lero kuli kuyeza magazi. N'zoona kuti njira zoyezera kutupa m'magazi n'zothandiza, ndipo n'zakale kuposa cortisone yemwe: kuyeza liwiro lomwe maselo ofiira amatsikira pansi pa kagalasi kunakhazikitsidwa ndi Westergren mu 1921, ndipo puloteni ya CRP inapezeka mu 1930. Koma miyeso iwiriyi siitchula dzina la mlandu. Imakwera ndi chibayo monga momwe imakwerera ndi nyamakazi. Ndiponso matenda otupa mitsempha ya m'mutu amatha kubwerera magazi akuoneka abwino, ndipo mankhwala atsopano monga tocilizumab, omwe anatsimikizidwa mu 2017 kuti amathandiza odwala amenewa kutsika msanga, amagwetsa CRP pansi kaya matenda agona kaya ayi. Kuyeza cortisol wa m'mawa kumayankha funso la adrenal lokha. Komanso magazi amayezedwa tsiku lokumana ndi dokotala, pamene matenda amadzuka tsiku lomwe afuna. Pakati pa ulendo wina ndi unzake wa kuchipatala, mboni yokhayo ndi wodwala ndi a pakhomo pake.

Kutsutsa kwachiwiri n'kolemera, ndipo sindikupeputsa. Ena amati ukamuuza wodwala zizindikiro zonsezi umamupatsa mantha, azingodzimvetsera thupi usana ndi usiku, ndipo kamutu kakangopweteka adzithamangira yekha ku botolo n'kumeza mapiritsi oonjezera. Zimenezi zimachitikadi, ndipo prednisolone amakopa chifukwa amapatsa munthu mphamvu ndi chilakolako cha chakudya msanga. Koma tiyang'ane amene Slocumb anawaona akugwa m'mbuna imeneyi. Anali anthu omwe sanauzidwe kuti kuphwanya thupi masiku oyamba ndi chinthu choyembekezeka. Munthu wosadziwa ndiye amaona ululu uliwonse ngati matenda abwerera. Wodziwa amatha kunena kuti, izi ndi zija anandiuza, ndidikire. Kapena kuti, izi ndi zija zoopsa, ndinyamuke. Kudziwa zizindikiro sikupereka ufulu wosintha mlingo payekha, kumapereka nzeru yodziwa tsiku lobwerera kuchipatala. N'chifukwa chake ku Britain odwala otere akhala akupatsidwa khadi loyenda nalo, ndipo mu 2020 anaonjezera lina la pangozi, loti namwino aliyense amene angamupeze munthuyo atakomoka adziwe chochita.

Pali enanso amene amafunsa kuti, ngati kutsika kuli ndi zoopsa zonsezi, bwanji osangokhala pa piritsi limodzi moyo wonse? Pankhaniyi umboni wakhala ukusinthasintha. Mu 1954 kafukufuku wa Medical Research Council ndi Nuffield Foundation ku Britain anayerekeza cortisone ndi aspirin mwa odwala nyamakazi yongoyamba kumene, ndipo sanapeze kusiyana kwakukulu. Ambiri anataya mtima ndi mankhwalawa. Mu 1995 John Kirwan ndi anzake anaonetsa kuti mamiligalamu 7.5 patsiku amachedwetsa kudyeka kwa mfundo. Ndipo mu 2020 kafukufuku wotchedwa SEMIRA anatenga odwala omwe nyamakazi yawo inali itazizira, ena n'kuwasiya pa mamiligalamu 5, ena n'kuwatsitsa mpaka kuleka. Otsala pa mankhwala anachita bwinoko pang'ono, koma pafupifupi awiri mwa atatu a otsitsidwawo anafika pansi popanda matenda kubuka. Ine ndimawerenga zotsatirazi motere: ambiri akhoza kutsika, ndipo palibe njira yodziwira kuti ndani angathe koma kuyesa uku ukuyang'anira. Kusayesa kuli ndi mtengo wake womwe umalipidwa mosaonekera, m'mafupa a msana, m'ng'ala za m'maso, m'shuga. Tisaiwalenso kuti mwambowu unapitirira malire nthawi zina. Kafukufuku wa ku England wa 1993 anaonetsa kuti wodwala mphumu amene wamwa prednisolone masiku 10 akhoza kungoleka, ndipo malangizo a mabungwe a akatswiri a mahomoni a ku Ulaya ndi ku America a 2024 amanena kuti amene wamwa kwa nthawi yosakwana masabata atatu kapena anayi kawirikawiri safunika kutsitsidwa pang'onopang'ono chifukwa cha adrenal. Kutsitsa si mwambo wongotsatira chifukwa makolo ankatero. Kuli ndi zifukwa ziwiri, matenda ndi adrenal, ndipo dokotala ayenera kudziwa chomwe akuopa mwa munthu ali patsogolo pakeyo.

Prednisolone lero ndi mmodzi mwa mankhwala otchipa kwambiri, ndipo amapezeka m'zipatala ndi m'mafamase a kwathu kuno monga kwina kulikonse. Kutchipako kuli ndi msampha wake: munthu amaleka chifukwa wapeza bwino, kapena chifukwa mapiritsi atha tsiku lobwerera lisanakwane, kapena amagula yekha n'kumamwa miyezi chifukwa mawondo asiya kuwawa. Amene analemba mankhwala koma osanena chizindikiro choti wodwala adikire wagwira theka la ntchito. Inu amene mwamwa mapiritsiwa kupitirira masabata atatu kapena anayi, kapena muli ndi mwana amene akumwa, musaleke mwadzidzidzi ndipo musakweze mlingo panokha. Musanatuluke m'chipinda cha dokotala, mufunseni kuti matenda anuwo akamabwerera amayamba ndi chiyani, ndipo akulembereni m'buku lanu la kuchipatala pamodzi ndi mlingo wa sabata iliyonse. Muziuza aliyense wokuthandizani, ngakhale wozula dzino, kuti mumamwa prednisolone kapena mwangoleka kumene. Ndipo mukayamba kusanza mpaka mapiritsi kukanika kukhala m'mimba, mukafooka mpaka kulephera kuimirira, kapena maso akayamba kuchita mdima, pitani kuchipatala tsiku lomwelo.